Kupulumutsa Hatchi Yosasamalidwa ndi Kuikonzekeretsa Kuti Izithandiza Odwala ndi Olumala

Hatchi imene yatha miyezi yambiri isakudya mokwanira imaoneka yofatsa kwambiri. Imaima pamalo amodzi mutu uli zyolizyoli, mlomo wam'munsi uli lende, ndipo ngakhale mwana atafika n'kuikoka mchira siitembenuka n'komwe. Anthu achifundo akaona zimenezi amafulumira kunena kuti apeza hatchi yoyenera kunyamula ana olumala, koma kufatsa kumeneko si khalidwe lake ayi, ndi njala, ululu ndi kutaya mtima. Khalidwe lenileni limadzaonekera nthiti zikakwiririka ndiponso mphamvu zikabwerera, mwina patatha miyezi inayi kapena kuposerapo, ndipo nthawi zina nyama imene inkaoneka ngati nkhosa imadzapezeka kuti ndi yamantha, yothamangathamanga kapena yoluma. N'chifukwa chake ntchitoyi ili ndi dongosolo lake losati n'kulidumpha. Mumayamba ndi kupulumutsa moyo, kenako mumabwezeretsa thupi, kenako mumaithandiza kuti iyambenso kukhulupirira anthu, ndipo funso lakuti kodi ingathandize odwala limabwera pamapeto penipeni.

Musanaichotse pamene mwaipeza

Hatchi yowonda imene mwaiona kuseri kwa mpanda ili ndi mwini wake, ndipo kuitenga popanda chilolezo ndi kuba, ngakhale mtima wanu utakhala wabwino chotani. Ngati mwiniwake wavomera kuipereka kapena kuigulitsa, lemberanani kalata yofotokoza mtundu wa ubweya wake, zipsera ndi zizindikiro zake, tsiku la mgwirizano ndi mboni, chifukwa si zachilendo kuti munthu amene anaisiya nyama ikufa abwerenso kudzaiitanitsa ikanenepa. Ngati wakana, kanenani kwa akuluakulu oona za ziweto kapena ku bungwe loteteza nyama, amene ali ndi mphamvu zoilanda mwalamulo. Ijambuleni zithunzi tsiku loyambalo, cham'mbali, chakutsogolo, chakumbuyo ndi ziboda zonse zinayi, pakuti zithunzizo ndi umboni komanso ndi zimene zidzakuonetseni kusintha kumene maso a munthu woiona tsiku ndi tsiku sakuzindikira.

Dokotala wa ziweto aione musanaikweze m'galimoto. Ulendo wa pamsewu umafuna mphamvu, chifukwa hatchi imalimbitsa miyendo pa kona iliyonse kuti isagwe, ndipo yofooka kwambiri ikhoza kugwera m'ngolo n'kulephera kudzukanso. Hatchi imene yagona pansi osatha kuimirira kwa masiku atatu, kapena imene yataya pafupifupi theka la kulemera kwake, kawirikawiri sichira, ndipo dokotala akakuuzani kuti chifundo chenicheni ndi kuigoneka tulo tosadzuka nato, mverani mawu akewo ngakhale ali owawa.

Masabata atatu oyamba ikhale payokha

Ikafika, musaisakanize ndi mahatchi ena kwa masiku osachepera 21. Matenda otchedwa strangles, amene amatupitsa anabere a kukhosi n'kutulutsa mafinya m'mphuno, amafala kudzera m'ndowa, m'zingwe ndi m'manja mwa anthu, ndipo hatchi ikhoza kukhala nawo isakuonetsa chizindikiro chilichonse. Choncho ikhale ndi ndowa zake, burashi yake ndi chingwe chake, ndipo wosamalira aziyamba ndi mahatchi ena n'kumalizira kwa iyo. Komabe hatchi ndi nyama ya pagulu, ndipo kuitsekera kumene singaone inzake iliyonse kumaivutitsa maganizo, moti nthawi zina imasiya kudya. Khola labwino ndi limene lili patali ndithu kuti zisagundane mphuno, koma pamalo poti izitha kuona ndi kumva mahatchi ena. Pansi poyalapo pakhale pochindikala ndi pouma, chifukwa mafupa a m'chiuno amene atuluka amanyuka msanga ikagona pouma gwa.

Gulani kope loti muzilembamo zonse. Kutentha kwa thupi la hatchi yaikulu yathanzi kumakhala pakati pa madigiri 37.5 ndi 38.5, mtima umagunda ka 28 mpaka ka 44 pa mphindi, ndipo imapuma ka 8 mpaka ka 16 pa mphindi ikakhala phee. Nkhama zake ziyenera kukhala zofiirira pang'ono ndi zonyowa, ndipo mukazidinda ndi chala n'kuchotsa, mtundu wake uzibwerera masekondi awiri asanathe. Pimani zimenezi m'mawa ndi madzulo.

Pofuna kudziwa kuti yawonda motani, anthu a mahatchi amagwiritsa ntchito muyezo umene Don Henneke anaukonza ku yunivesite ya Texas A&M ndipo unafalitsidwa mu 1983. Muyezowu umayambira pa 1 kufika pa 9, ndipo umaona mafuta a pakhosi, pamwamba pa mapewa, kuseri kwa phewa, panthiti, pamsana ndi patsinde pa mchira. Hatchi ya pa 1 ndi mafupa okhaokha, ya pa 5 ndi imene nthiti zake sizioneka koma zimamveka mukasisita, ndipo ya pa 9 ndi yonenepa moopsa. Gwiritsani ntchito manja, osati maso okha, popeza ubweya wautali umabisa zambiri, ndipo mimba yaikulu si umboni wa kukhuta chifukwa nthawi zambiri imakhala ya njoka za m'mimba kapena ya udzu wosagayika. Ngati mulibe sikelo yodziwira kulemera kwake, yezani ndi tepi, m'masentimita, kuzungulira chifuwa kuseri kwa miyendo yakutsogolo, chulukitsani nambalayo ndi iyo yomwe, kenako ndi kutalika kwa thupi kuchokera pansonga ya phewa kufika pansonga ya thako, ndipo gawani ndi 11,880 kuti mupeze kulemera kwake m'makilogalamu. Hatchi ya chifuwa cha masentimita 170 ndi thupi la masentimita 160 imalemera pafupifupi makilogalamu 389.

Chakudya chikhoza kuipha

Pano ndi pamene mahatchi ambiri opulumutsidwa amafera, ndipo amafera m'manja mwa anthu owakonda. Munthu akaona nthiti zonse zili pamtunda, mtima umamuuza kuti adzaze ndowa ndi chimanga, oats kapena chakudya chosakaniza chotsekemera, ndipo hatchiyo imadyadi mosusuka, aliyense n'kumakondwera. Pakatha masiku atatu kapena asanu imayamba kunjenjemera, kupuma movutikira ndi kutupa miyendo, kenako imagwa.

Chimene chimachitika n'chakuti thupi losowa chakudya limayamba kudya mafuta ake, akatha limadya minofu, kuphatikizapo ya mtima, ndipo michere yofunika ya phosphorus, potassium ndi magnesium imatha pang'onopang'ono. Mukaipatsa mwadzidzidzi chakudya chokhala ndi sitalichi kapena shuga wambiri, thupi limatulutsa insulin wochuluka, amene amakankhira shugayo m'maselo pamodzi ndi michere yochepa imene inatsala m'magazi. Magazi akatsala opanda michereyi, mtima, mapapo ndi impso zimalephera kugwira ntchito. Madokotala amatcha vutoli refeeding syndrome, ndipo limachitikanso kwa anthu amene avutika ndi njala kwa nthawi yaitali.

Akatswiri a ku yunivesite ya California ku Davis, Carolyn Stull ndi Christine Witham, anayerekezera zakudya zosiyanasiyana pa mahatchi owonda ndipo anapeza kuti udzu wouma wa alfalfa, umene ena amautcha lucerne, ndiwo wabwino poyambira, chifukwa uli ndi zomanga thupi ndi michere yambiri koma sitalichi wochepa. Dongosolo lawo limayenda motere. Masiku atatu oyamba, hatchi ipatsidwe pafupifupi theka la kilogalamu la udzuwu maola anayi alionse, usana ndi usiku, kutanthauza kasanu ndi kamodzi patsiku. Kuyambira tsiku lachinayi muziwonjezera pang'onopang'ono kwinaku mukuchepetsa maulendo, kuti pofika tsiku lachisanu ndi chimodzi izidya pafupifupi makilogalamu awiri maola 8 alionse. Pakatha masiku 10 mukhoza kuipatsa udzu wonse umene ingathe kudya. Chakudya cha mbewu chisayandikire n'komwe mpaka thupi litabwerera ndithu.

Theka la kilogalamu la udzu ndi kamtolo kochepa zedi, koti hatchi imamaliza m'kanthawi kochepa n'kuyamba kukuyang'anani, ndipo apa ndi pamene alendo ndi antchito ongothandiza amabisa kaloti kapena buledi m'thumba poganiza kuti mukuimana. Khomani chikwangwani pakhomo la khola, ndipo munthu mmodzi yekha ndiye akhale ndi udindo wa chakudya. Udzuwo muziuyeza pasikelo, osati ndi maso. Kumene alfalfa sapezeka, udzu wouma wabwino, wopanda nkhungu ndi fumbi, ukhoza kugwira ntchito pa dongosolo lomwelo la pang'onopang'ono, dokotala akuyang'anira. Msipu wauwisi wanthete uli ndi shuga wambiri, choncho hatchi iziloledwamo kwa mphindi zochepa poyamba, ndipo zikhale pambuyo pa masabata oyambirirawo.

Kumbukiraninso kuti chifu cha hatchi n'chaching'ono poyerekeza ndi thupi lake, ndipo hatchi siitha kusanza. Chilichonse cholakwika chimene chalowa chiyenera kudutsa m'matumbo onse. Mukaiona ikupalasa pansi, ikuyang'anayang'ana pamimba pake, ikugona n'kudzuka mobwerezabwereza, ikugubuduzika kapena ikutuluka thukuta popanda chifukwa, chotsani chakudya ndipo itanani dokotala nthawi yomweyo, pakuti kupweteka kwa m'mimba kwa mtundu umenewu kumapha m'maola ochepa. Werengani milu ya ndowe tsiku lililonse, ngakhale ntchitoyo ndi yosasangalatsa, chifukwa kuchepa kwa ndowe ndi chenjezo loyamba. Hatchi yaikulu imamwa malita 25 mpaka 45 a madzi patsiku, koma imene yakhala nthawi yaitali yopanda madzi muziimwetsa pang'onopang'ono kwa maola oyamba musanaisiyire ndowa yodzaza.

Kuti hatchi yowondetsetsa ibwerere m'thupi mwake pamatenga miyezi itatu mpaka isanu. Masabata awiri oyamba simudzaona kunenepa kulikonse, ndipo chimene mudzaone ndi maso oyamba kuwala, makutu oyamba kutsatira phokoso ndi kamawu kapansipansi kokulonjerani mukafika ndi udzu.

Njoka za m'mimba, mano, ziboda ndi khungu

Zonsezi ziyenera kukonzedwa, koma osati tsiku limodzi. Pa njoka za m'mimba, tumizani kaye ndowe kuti akawerenge mazira, ndipo dokotala asankhe mankhwala ndi nthawi yake. Kupha njoka zambiri nthawi imodzi m'matumbo ofooka kukhoza kuwatseka kapena kuwatupitsa, ndipo mankhwala a moxidectin ndi oopsa kwa hatchi yopanda mafuta m'thupi. Katemera wa kafumbata ndi wofunika kwambiri chifukwa mahatchi amagwidwa msanga ndi matendawa kudzera m'mabala, ndipo akatemera ena, monga wa chimfine cha mahatchi ndi wa chiwewe, amaperekedwa thupi likayamba kulimba, malinga ndi matenda a m'dera limene hatchiyo ili.

Mano a hatchi amatuluka mamilimita awiri kapena atatu chaka chilichonse ndipo amaperepeseka ikamatafuna, koma m'mbali mwake mumatsala nsonga zakuthwa zimene zimacheka masaya ndi lilime. Mukapeza pansi timibulu ta udzu wotafunidwa mosamaliza, dziwani kuti m'kamwa muli vuto, ndipo mwina ndi chimene chinaiwondetsa. Kupala mano kumafuna mankhwala oigonetsa pang'ono, choncho nthawi zambiri kumadikira mpaka itapezako mphamvu.

Ziboda zimene zatalika n'kupindikira m'mwamba musazidule tsiku limodzi kuti zioneke bwino, chifukwa mitsempha ndi mfundo za miyendo zinazolowera kaimidwe kolakwikako, ndipo kusintha kwadzidzidzi kumazipweteka. Katswiri wa ziboda azichotsa pang'ono masabata atatu kapena anayi alionse mpaka zitawongoka, kenako masabata 6 mpaka 8 alionse. Chiboda chimakula pafupifupi mamilimita 6 mpaka 10 pamwezi, ndipo kuti chonse chisinthike kuchokera pamwamba kufika pansi pamatenga miyezi 9 mpaka 12. Mizere yopingasa pachiboda, yotalikirana cha kuchidendene, imasonyeza kuti hatchiyo inadwalapo laminitis, matenda otupitsa minofu ya m'kati mwa chiboda, ndipo zikatero pafunika kujambula X-ray kuti aone mmene fupa la m'kati lakhalira. Pakhungu yang'anani nsabwe, nkhupakupa ndi chipere. Chipere chimapatsira anthu, choncho chiyenera kutheratu mwana aliyense asanaigwire.

Kulimbitsa thupi kumayamba ndi kuisiya iziyenda yokha mumpanda waung'ono, kenako kuiyendetsa ndi chingwe kwa mphindi zisanu kapena khumi, n'kumawonjezera sabata ndi sabata. Musaike chishalo pamsana umene fupa lake likuonekabe. Mafuta amabwerera msanga kuposa minofu, ndipo hatchi imene yafika pa 5 pa muyezo wa Henneke imafunabe miyezi iwiri kapena itatu yoyenda, kukwera timapiri ndi kudumpha mitengo yogoneka pansi kuti msana wake uthe kunyamula munthu.

Kuti iyambenso kukhulupirira munthu

Maso a hatchi ali m'mbali mwa mutu ndipo imaona pafupifupi mbali zonse, kupatula kumbuyo kwenikweni ndi patsogolo penipeni pa chipumi. Tsoka ilo, pamenepa ndi pamene anthu ambiri amayambira kuigwira. Muziyandikira cha paphewa, thupi lanu litapendekera kumbali, mukulankhula motsitsa, ndipo dzanja lanu liyambe pamene khosi limakumana ndi msana, pamalo pamene mahatchi amakandana okhaokha ndi mano akamacheza. Kukanda pamenepo kumaikhazika mtima pansi kuposa kuisisita kumaso kapena kuiomba m'khosi.

Masiku oyamba musaipemphe chilichonse. Tengani mpando, khalani kunja kwa khola kapena pakona, ndipo ingokhalani. Hatchi yamantha imayamba yatembenukira kukhoma, khutu limodzi lokha lili kwa inu. Tsiku lina imatembenuza mutu, tsiku lina imaponda phazi limodzi kubwera kumene muli, kenako mudzamva mpweya wofunda pakhosi panu ikukununkhizani. Pa nthawi imeneyo dzanja limayabwa kuti muigwire, koma musatero, isiyeni inunkhize n'kuchoka yokha. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo pa hatchi yozunzidwa mawuwa ndi malangizo enieni a ntchito.

Hatchi imaphunzira pa nthawi imene mwaimasula, osati pamene mukuikoka. Mukakoka chingwe pang'ono kuti ibwere, ikangosuntha ngakhale phazi limodzi lezetsani chingwecho nthawi yomweyo, chifukwa kulezetsako ndi kumene kumaiuza kuti yachita bwino, ndipo mukachedwa masekondi angapo phunziro latayika. Maphunziro akhale a mphindi 10 mpaka 15, ndipo onse osamalira azichita mofanana. Iphunzire kuvala chingwe cha kumutu, kuyenda pambali pa munthu osamukankha, kuima, kubwerera m'mbuyo, kupereka phazi lililonse ndi kulola kugwidwa thupi lonse, kuphatikizapo makutu, mimba ndi pansi pa mchira.

Hatchi imene inavutika ndi njala imateteza chakudya, imagoneka makutu kumbuyo ndipo ikhoza kuluma kapena kumenya theche munthu akayandikira ndowa yake. Kuimenya sikuthetsa zimenezi. Chimathetsa ndi udzu wosatha pamaso pake ndi nthawi yodyera yosasintha, mpaka itatsimikiza kuti chakudya chimabwerabe. Ine ndimaona kuti hatchi yokonzekera ntchito yothandiza odwala isamadyetsedwe m'manja n'komwe, zokoma zonse ziziikidwa m'ndowa, chifukwa imene yazolowera kufunafuna m'manja mwa anthu tsiku lina idzatafuna chala cha mwana amene satha kuchichotsa msanga.

Samalani kwambiri ndi hatchi imene siichita kanthu kalikonse. Pali kusiyana pakati pa yodekha ndi imene inangodzitsekera m'kati chifukwa inaphunzira kuti kukana sikuthandiza. Yodekha imaphethira, imapuma mozama, milomo yake ndi yolezeka, makutu amayendayenda, ndipo ikaona chinthu chachilendo imachiyang'ana n'kuchinunkhiza. Yodzitsekera imauma ngati chipilala, maso ali tong'o osaphethira, pakamwa patalimba, mphuno zitakokeka, ndipo imapirira mpaka tsiku limene idzaphulike popanda chenjezo. Chizindikiro chimodzi chosangalatsa ndi kuipeza m'mawa ili ndi zinyalala za pogona m'mbali ndi m'manyenje. Hatchi imatha kuwodzera choimirira, koma tulo tofa nato imagona itagona pansi, ndipo siigona pansi pamalo pamene ikuopa.

Ntchito imene mukuikonzekeretsa

Kugwiritsa ntchito mahatchi pothandiza olumala kunatchuka kwambiri Lis Hartel wa ku Denmark, amene anapuwala miyendo chifukwa cha poliyo, atapata mendulo ya siliva pa mpikisano wa Olimpiki ku Helsinki mu 1952. Mu 1969 ku Britain kunakhazikitsidwa bungwe la Riding for the Disabled Association, ndipo chaka chomwecho ku North America kunayamba bungwe limene masiku ano limatchedwa PATH International. Mabungwewa ali ndi malamulo a kasankhidwe ndi kasamalidwe ka mahatchi, ndipo n'kwanzeru kuwawerenga musanayambe maphunziro, kuti musaphunzitse zimene zidzafunike kufafanizidwa.

Ntchitoyi ili mitundu ingapo ndipo iliyonse imafuna hatchi yosiyana. Pa hippotherapy, katswiri wa mafizo kapena wa kalankhulidwe amagwiritsa ntchito mayendedwe a hatchi ngati chida, chifukwa hatchi ikamayenda imaponda pafupifupi ka 100 pa mphindi ndipo imasuntha chiuno cha wokwera kutsogolo, m'mbali ndi mozungulira, mofanana ndi mmene chimasunthira munthu akamayenda. Mwana wodwala cerebral palsy, kulumala kochokera ku vuto la mu ubongo, amalandira mayendedwe amenewa m'thupi mwake, choncho hatchi yotsimphina, ngakhale pang'ono, imamupatsa mayendedwe okhota ndipo siyoyenera. Pali kuphunzitsa olumala kukwera, ndipo palinso ntchito ya pansi, monga ya bungwe la Eagala, imene anthu ovutika maganizo amacheza ndi hatchi, kuipesa ndi kuiyendetsa osaikwera. Mahatchi ambiri opulumutsidwa, amene misana kapena miyendo yawo siingalole kunyamula munthu, amachita bwino pa ntchito ya pansiyi.

Kuiyesa moona mtima

Ikanenepa, ikalimba ndiponso ikakhala miyezi ingapo pakati pa inzake, dokotala aipimenso miyendo, msana, maso ndi mtima. Sue Dyson, dokotala wa mahatchi wa ku Britain, anakonza mndandanda wa makhalidwe 24 a hatchi yokweredwa, monga kugoneka makutu, kutsegula pakamwa, kupukusa mchira ndi kupendeketsa mutu, ndipo imene ikuonetsa 8 kapena kuposerapo nthawi zambiri imakhala ikumva ululu. Zambiri zimene anthu amazitcha mwano zimachokera pamenepa, kapena pa zilonda za m'chifu, zimene zimapezeka kawirikawiri mwa mahatchi amene anakhala ndi njala. Yamphongo yosafula siyoyenera ntchitoyi, ndipo ikafulidwa pamatenga masabata angapo kuti khalidwe lake lisinthe. Msinkhu wabwino ndi wapakati, pafupifupi masentimita 140 mpaka 160 pamapewa, kuti oyenda pambali athe kugwira wokwera osatopa mikono. Kulemera kwa wokwera pamodzi ndi chishalo kusapitirire magawo 20 pa 100 alionse a kulemera kwa hatchi, ndipo kwa yokalamba kapena ya msana wofooka kuchepe kuposa apo.

Kenako iyambe kuzolowera zinthu za pantchito: njinga ya olumala, ndodo zoyendera, mipira, mabelu, ambulera, mapepala ouluka, kufuula kwadzidzidzi ndi kuomba m'manja. Yambani ndi chinthu chimodzi chili patali, pamalo pamene hatchi ikuchiona koma isakuchita mantha. Njinga ya olumala, mwachitsanzo, iyambe yangoima pakona kwa masiku angapo. Kenako wina aziikankha kuchoka pamene pali hatchiyo, inu mukuitsogolera pambuyo pake, popeza chinthu chimene chikuthawa sichioneka choopsa ndipo hatchi imayamba kuchitsatira mwachidwi. Pambuyo pake m'pamene njingayo ingabwere cha kuphewa, poyamba yopanda munthu, kenako muli munthu wamphamvu zake amene angathe kudumpha. Musamangirire hatchi n'kuiunjikira zoopsa mpaka itasiya kulimbana, chifukwa njira imeneyi imabala hatchi yodzitsekera ija. Chimene mukuyang'ana si hatchi yosadzidzimuka, popeza yotero kulibe, koma imene ikadzidzimuka imangogwedezeka pamalo pomwepo, n'kuyang'ana kwa woitsogolera ndi kukhazikikanso m'masekondi ochepa.

Phunziro lovuta kwambiri ndi kuima chilili pambali pa chikwerero kwa mphindi zingapo, anthu atatu kapena anayi ataizungulira, wokwera akutsitsidwa pang'onopang'ono pamsana. Mahatchi ambiri sakonda kupanikizidwa mbali zonse ziwiri, choncho iyambe kuyenda ndi munthu mmodzi pambali, kenako awiri, mikono yawo itatsamira pantchafu za wokwera. Wokwera woyamba akhale katswiri wovala chipewa chodzitetezera, amene aziyerekezera zimene odwala amachita: kupendekera mbali imodzi, kufinya ndi miyendo mwadzidzidzi, kukhala chammbali kapena chafutambuyo, kugwetsa mpira, kufuula ndi kugwira manyenje mwamphamvu. Iyesedwe motere kwa miyezi iwiri kapena itatu, pa nthawi zosiyanasiyana, tsiku la mphepo ndi tsiku la bata, ndi otsogolera osiyanasiyana. Hatchi imene yaluma kapena kumenya theche munthu popanda ululu woonekeratu umene ungachiritsidwe, kapena imene ikaopa imathawa osamva chingwe, ichotsedwe pa ntchito yokweredwa, ngakhale mutaikonda chotani ndiponso ngakhale nkhani ya kupulumuka kwake itakhala yokoka anthu othandiza ndi ndalama. Kuyambira tsiku loitenga muyenera kukhala mutakonzeka kuisunga kapena kuipezera khomo labwino ngati yalephera, ndipo popeza hatchi imakhala zaka 25 mpaka 30, lonjezo limeneli ndi lalikulu.

Ikayamba ntchito

Yambani ndi gawo limodzi la mphindi 20 patsiku, ndi wodwala wopepuka ndi wodekha, amene dokotala wake wavomereza kuti akhoza kukwera, ndipo katswiri wophunzitsidwa ntchitoyi akhalepo nthawi zonse. Kunyamula munthu wosatha kudzikhazika bwino kumatopetsa msana kuposa kunyamula katswiri, ndipo kupirira manja ambiri achilendo kumatopetsa maganizo. Hatchiyo izikhala ndi masiku opuma sabata iliyonse, izitha maola ambiri kunja ndi inzake, ndipo kamodzi kapena kawiri pasabata wokwera waluso aziitenga kukayenda kutchire kuti iwongole msana. Chishalo chiziunikidwa miyezi ingapo iliyonse, chifukwa msana wa hatchi yochira umasinthasintha kwa chaka chonse, ndipo chimene chinakwana mwezi watha chikhoza kuyamba kufinya.

Pitirizani kulemba m'kope lija pambuyo pa gawo lililonse: amene anakwera, nthawi imene anatenga ndi mmene hatchi inachitira. Mukaona kuti yayamba kutembenukira kukhoma mukafika ndi chingwe, kugoneka makutu pomanga lamba wa chishalo, kukukuta mano, kuluma chingwe cha woitsogolera kapena kukana kuyandikira chikwerero, ichotseni pa ndandanda kwa sabata imodzi kapena ziwiri ndipo dokotala aipime msana, miyendo ndi chifu. Ngati ululu sunapezeke koma zizindikirozo zabwereranso itangoyambiranso, isamutsireni ku ntchito ya pansi, yopesedwa ndi kuyendetsedwa ndi chingwe, ndipo muone kwa mwezi wathunthu ngati ikubweranso yokha kuchipata mukaiitana.